Lunzu kapena Bvumbwe, nyumba ya banja mugule kuti?

Mtauni mwa Blantyre mapuloti adula zedi, nde ambiri maso ali ku Lunzu ndi ku Bvumbwe. Ku Lunzu muli pa M1 penipeni, minibasi sizisowa, mudutsa pa Kameza kenako Chirimba basi mwafika mtauni, komanso mwana akatentha thupi usiku chipatala cha Mlambe chili pompo. Koma kutentha kwake abale! Okutobala nyumba ya malata yopanda siling'i simugonamo, ndiye poonapo nyumba funsaninso za madzi, ngati mpopi umatulukadi kapena mudzadalira mjigo.

Bvumbwe ili m'boma la Thyolo, nkozizira, dothi labwino, kabichi, tomato ndi mkaka mumagula kwa alimi eni ake. Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa zovala za ana siziuma. Chovuta china ndi ulendo, ngati mumagwira ntchito ku Blantyre mamawa uliwonse muzilimbana ndi jamu ya mu Limbe.

Ineyo wa ntchito ku Limbe ndingamuuze Bvumbwe osaganiza kawiri, wa ku Blantyre atenge Lunzu. Konseko malo ambiri ndi a mafumu, musapereke ndalama musanaone mapepala ndi kukumana ndi achibale a wogulitsayo.