Galaja ya a Mesitiri pa Ulongwe: mmene anandidzutsira Datsun 1200

Anthu angapo andifunsa kumene ndinakonzetsa Datsun ya malemu bambo anga, poti ambiri ankaidziwa ili pa njerwa kuseri kwa nyumba kwathu ku Domwe. Ndinakonzetsa pa Ulongwe pompano, pa galaja ya bambo wina wachikulire amene tonse timangowatchula kuti a Mesitiri. Ndinena zabwino ndi zoipa zomwe, kuti amene ali ndi galimoto yakale adziwiretu.

Galimotoyi ndi Datsun 1200 ya pikapu, ya m'ma 1970, injini yake ndi A12. Amakaniko ena amene ndinayamba kuwafunsa ankangoti tichotse injiniyo tiike ina ya galimoto zatsopanozi. A Mesitiri anakana. Anatsegula, nayeza masilinda, n'kundiuza kuti: "Mwananga, buloko iyi ilibe mng'alu. Mukasintha injini, nambala ya pa livireti, chikalata cha galimoto chija, isiyana ndi ya pagalimoto, muyambe kuyendera mapepala. Iyi idzuka." Mawu amenewa ndi amene anandichititsa kuwasiyira makiyi.

Chimene ndikuwatamira kwambiri ndi kudziwa kumene chitsulo chilichonse chimapezeka. Ntchito ya galimoto yakale kuno ku Angonia, theka lake ndi sipanala, theka linalo ndi malire. Iwo anagawa ntchito motere. Buloko ndi kirankishafiti anatumiza ku Lilongwe kudzera pa Calomue ndi Dedza kuti akazisule pa makina, chifukwa kwa ife Lilongwe ndi pafupi kusiyana ndi mzinda wa Tete. Zing'onozing'ono monga mapulagi, mapointi, lamba wa fani ndi mabering'i anagula konko m'mashopu a sipeya a ku Malangalanga. Koma mapisitoni, maring'i, magasiketi ndi labala wa galasi lakutsogolo anati tiitanitse ku South Africa basi.

Chifukwa chake n'chomveka. Pikapu ya mtundu umenewu inkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, ndipo mng'ono wake, Nissan 1400, anasiya kuipanga mu 2008. Choncho masipeya ake kumeneko akadali mbwee, atsopano ndi ogwiritsidwapo ntchito omwe. Mwayi winanso ndi wakuti ife, a Malawi, a Zimbabwe ndi a South Africa tonse timayenda kumanzere, chiwongolero chili kumanja, ndiye za sitiyaring'i ndi nyale zimakwana popanda kutembenuza kanthu.

Pamenepa pali msampha umene a Mesitiri anandipewetsa. Ogulitsa ambiri ku Johannesburg akamva kuti Datsun amangotulutsa za 1400, poti ndi zimene zachuluka. Pamaso injini ziwirizi zimafanana, koma silinda ya A12 ndi mamilimita 73 pamene ya A14, injini ya 1400, ndi 76. Mapisitoni, maring'i ndi gasiketi ya hedi sizilowana. Bambowa sanalole kuti ndilipire chilichonse wogulitsayo asanatumize chithunzi pa WhatsApp, chitsulocho chili pa choyezera, nambala ya pabokosi ikuoneka. Wogulitsa woyamba ananyinyirika n'kutisiya, tinapeza wina. Ndinaona ngati akuchedwetsa zinthu, koma bokosi litafika chilichonse chinalowa m'malo mwake.

Katunduyo anabwera ndi alamu anga amene amayendetsa thiraki: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kulowa kwathu pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete, kudutsa Moatize mpaka pa Mussacama pamene ndinakawachingamira. A Mesitiri analimbikira kuti fakitura (risiti) isatayike ndipo msonkho wa alifandega (kasitomu) ulipiridwe, chifukwa katundu wobisa pansi pa mpando akagwidwa, watayika iye ndi ndalama zomwe. Konzekeraninso kuti mugwira ndalama zitatu, metikali, kwacha ndi randi, ndipo posintha paliponse pamatayika kanthu. Zimenezi muziwerengeretu mu bajeti.

Injini anaimanga okha, osapatsa anyamata. Kabuleta anaimasula yense, natsuka timabowo take, nakonza choko, moti m'mawa wa June, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, imalira ndikangotembenuza kiyi. Chitsulo chilichonse chimene anachotsa anandiikira m'thumba kuti ndione ndi maso anga. Ndi amakaniko angati amene amachita zimenezi? Masipuling'i a kumbuyo anawonjezera tsamba limodzi chifukwa cha msewu wa ku Tsangano, koma anandichenjeza kuti: "Iyi ndi ya theka la tani. Musaisenzetse matumba a mbatatesi ngati lole." Ndimawamvera.

Tsono zoipa. Nthawi sasunga. Nyengo yokolola ikafika, mathirakitala ndi malole a alimi amadzaza pabwalo, ndipo galimoto yako imakankhidwira pansi pa mtengo mpaka iwo atapuma. Anandilonjeza miyezi yochepa, ntchito inakoka kupitirira pamenepo, ndipo sikuti nthawi yonseyo tinkadikira masipeya ayi. Mtengo salemba papepala, amangonena pakamwa, ndiye mukafika pomaliza mumasiyana mawerengedwe. Pitani ndi kope, chilichonse chimene mwagwirizana mulembe iwo akuona, sakwiya nazo.

Chinandipweteka kwambiri ndi penti. Kuwongola bodi ndi kupopera anapatsa mnyamata wina wa pafupi, amene anapopera panja fumbi likuuluka. Pa boneti mukamagwira mumamva timchenga, ndipo pansi pa zitseko dzimbiri layamba kale kutukula pentiyo chifukwa sanalipale mokwanira. Mawaya a nyale zakumbuyo nawonso analumikizidwa mwachisawawa ndi wophunzira ntchito. Mabuleki ndikaponda, indiketa inkayaka. Nditabwerera a Mesitiri anakonza okha osandilipiritsa, koma za penti anangopepesa.

Ngati muli ndi Datsun, Peugeot 404 kapena Land Cruiser yakale, ndipo vuto lili mu injini, giyabokosi kapena mabuleki, pitani nayo kwa bambowa mtima uli m'malo. Za bodi ndi penti mukapangitse kwina, kumene ali ndi chipinda chopoperamo. Yanga ndikufuna ndikaipopetsenso ku Tete mvula isanayambe, malabala a zitseko akangofika kuchokera ku Johannesburg.