Ulendo wa ku Kyoto: Zimene Ndimauza Anzathu Ofika Kuno ku Japan

Anthu a kwathu amene amafika kuno ku Japan ambiri amabwera ndi sukulu kapena maphunziro aafupi a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena pa chitukuko, ndipo akaona kuti Loweruka ndi Lamlungu alibe chochita amandifunsa kuti apite kuti. Yankho langa silisintha: pitani ku Kyoto. Koma ndimafulumira kuwachenjeza kuti asangonyamuka chinyamukire. Mukalowa mumzinda umenewu mopanda dongosolo, mubwerako ndi miyendo yotupa, ndalama zitatha, zimene munapitira musanazione bwino. Ndiye ndati ndilembe zimene ndaona ine amene ndimakhala ndi kugwira ntchito kufupi ndi Tokyo, kuti inu amene mukukonzeka kubwera, ndi inu amene mukungofuna kudziwa za kuno, mumve.

Poyamba mudziwe chimene chimasiyanitsa Kyoto ndi mizinda ina. Mfumu yaikulu ya Japan inakhazikitsa likulu lake kumeneko mu 794, ndipo mafumu anakhala komweko zaka zoposa 1,000, mpaka pamene Mfumu Meiji inasamukira ku Tokyo kumapeto kwa zaka za m'ma 1860. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Tokyo, Osaka ndi Nagoya anapserera ndi mabomba, koma Kyoto sanaonongeke kwenikweni. Dzina lake linalipo pa mndandanda wa mizinda yoti iponyeredwe bomba la atomiki mu 1945, koma nduna ya za nkhondo ya ku America, Henry Stimson, inakakamira kuti lichotsedwe. N'chifukwa chake mpaka lero muli misewu ya nyumba zakale zamatabwa, akachisi a Chibuda pafupifupi 1,600 ndi malo pafupifupi 400 opembedzerapo a Chishinto, chipembedzo cha makolo cha kuno. Mu 1994 bungwe la UNESCO linaika malo 17 a mumzindawu ndi m'madera oyandikana nawo m'gulu la chuma cha dziko lonse.

Kuchuluka kwa malo kumeneku ndi kumene kumasokoneza mlendo. Munthu amalemba malo khumi oti aone tsiku limodzi, kenako tsiku lonse limathera m'basi. Ine ndimati malo atatu pa tsiku akwanira, ndipo akhale a mbali imodzi ya mzinda. Akachisi otchuka ambiri ali kumalire, m'tsinde mwa mapiri amene azinga Kyoto kum'mawa, kumpoto ndi kumadzulo, moti kuchoka ku Kiyomizu-dera kupita kunkhalango ya nsungwi ya ku Arashiyama kukudyerani pafupifupi ola lathunthu. Zipata zambirinso zimatsekedwa cha m'ma 4 kapena 5 koloko madzulo. Tsiku la ku Kyoto ndi lalifupi, choncho liyambeni dzuwa lisanatuluke.

Sankhaninso bwino mwezi. Aliyense amafuna kufika kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, pamene mitengo ya sakura imachita maluwa, kapena chakumapeto kwa Novembala, pamene masamba amafiira mapiri onse. Kukongolako n'koona, sindingakunamizeni, koma ndi nthawi imenenso mahotela amadzaza miyezi isanakwane ndipo mitengo yake imakwera kwambiri. Pewani masiku a Golden Week, kumapeto kwa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi, pamene dziko lonse limakhala pa tchuthi, ndi masiku a Obon pakati pa Ogasiti, pamene anthu amabwerera kwawo kukakumbukira makolo awo amene anatsogola. Chilimwe cha ku Kyoto n'cholemera. Poti mzindawu uli m'chigwa, mphepo siiyenda, ndipo kutentha kwa mu Julaye ndi Ogasiti kumandikumbutsa Nsanje mu Okutobala, kungoti kuno thukuta siliuma. Komabe mu Julaye momwemo ndi mmene mumachitika Gion Matsuri, mwambo umene unayamba mu 869 pofuna kuthamangitsa mliri, ndipo pa 17 ndi pa 24 amuna amakoka ndi zingwe ngolo zazitali zamatabwa m'misewu ikuluikulu. Amene mungapirire dzuwa, kaoneni. Kwa ine miyezi yabwino ndi Meyi tchuthi chikatha, ndi Januwale kapena Febuluwale ngati muli ndi jekete lolimba, chifukwa anthu amachepa.

Kuchokera ku Tokyo, sitima yothamanga ya Shinkansen yotchedwa Nozomi imafika ku Kyoto m'maola awiri ndi mphindi 15, ndipo tikiti ya ulendo umodzi imakhala cha m'ma 14,000 yen. Popita pemphani mpando wa pawindo la kumanja, umene m'ngolo wamba uli ndi chilembo E, kuti kukakhala kopanda mitambo muone phiri la Fuji. Ambiri anamva za Japan Rail Pass, tikiti imodzi yokwerera sitima za kampani ya JR kwa masiku angapo, n'kumaganiza kuti ndiyo njira yotchipa. Zinali choncho kale, koma mu Okutobala 2023 mtengo wa ya masiku 7 unakwera kufika pa 50,000 yen, pamene kupita ku Kyoto ndi kubwerera sikufika ngakhale 30,000. Komanso mwa anthu a maiko ena imagulitsidwa kwa okhawo amene mu pasipoti mwawo mwadindidwa kuti Temporary Visitor. Ife okhala kuno ndi khadi la nzika zakunja sitiloledwa kuigula. Ana a sukulu ambiri amakwera basi ya usiku, imene imanyamuka ku Tokyo anthu akamagona n'kukafika m'mamawa. Tulo ta pampando si tulo, koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri ndipo mwapulumutsa ndalama za hotela za usiku umodzi.

Pa za malo ogona, lipiriranitu pa intaneti nthawi ikadalipo. Mzindawu unayamba kudula msonkho wa ogona m'mahotela mu Okutobala 2018, ndipo malo ena amaulandira padera mukafika, ndiye musadabwe. Mukafuna kugona m'nyumba ya alendo yachikhalidwe, imene amati ryokan, dziwani kuti mtengo umawerengedwa pa munthu aliyense osati pa chipinda. Kukadzaza ku Kyoto, gonani ku Osaka. Sitima wamba yofulumira imayenda mphindi 30 zokha pakati pa mizinda iwiriyi.

Nkhani ya mabasi ndi imene imandikhudza. Anthu oposa 1.4 miliyoni amakhala mu Kyoto, amadzuka kupita kuntchito, kusukulu ndi kuchipatala. Ndinaona ndi maso anga agogo ena aakazi, ndodo ili m'manja, akulephera kukwera basi ya kwawo chifukwa alendo anadzazamo ndi masutikesi akuluakulu. Sanadandaule, anangobwerera pa benchi kudikira ina. Zinandiwawa, chifukwa mlendo amabwera n'kupita koma iwo moyo wawo ndi umenewo tsiku ndi tsiku. Choncho chikwama chachikulu musakwere nacho basi. Pa siteshoni ya Kyoto pali malokala olipira, ndipo mahotela ambiri amasunga katundu ngakhale nthawi yolowa m'chipinda isanakwane. Kumene kukufika sitima, kwerani sitima. Yapansi pa nthaka ili ndi njanji ziwiri, Karasuma ndi Tozai, ndipo palinso za makampani a JR, Keihan ndi Hankyu. Gulani khadi la ICOCA kapena Suica, muikemo ndalama, muzingogunditsa pa geti. M'mabasi ambiri a mumzinda mumalowera khomo la kumbuyo n'kulipira potsika kutsogolo, 230 yen.

Malo amene sindilola mnzanga kuwaphonya ndi Fushimi Inari. Ali masiteshoni awiri okha kuchokera pa siteshoni ya Kyoto pa njanji ya JR yopita ku Nara, salipiritsa, ndipo satseka usana ndi usiku. Anakhazikitsidwa mu 711, Kyoto asanakhale likulu. Inari ndi mulungu wawo wa mpunga ndi malonda, ndipo njira yokwera phiri lake, lotalika mamita 233, yaphimbidwa ndi zipata zofiirira masauzande ambiri zimene amati torii, zoimikidwa motsatizana moti mumayenda ngati muli m'khonde. Ndinafika kukuyera kumene. Kunali anthu achikulire a m'deralo okwera phiri polimbitsa thupi, aliyense wodutsa akuweramitsa mutu n'kupereka moni wa m'mawa, ndi bambo wina akusesa masitepe ndi tsache la nsungwi. Pokwera zipatazo zimaoneka zosalembedwa, koma mukatembenuka mumaona kuti kumbuyo kwa chilichonse kuli zilembo zakuda: dzina la kampani kapena munthu amene anachipereka, ndi tsiku lake. Zina n'zatsopano zonyezimira, zina zayamba kufumbwa m'tsinde. M'mbali muli ziboliboli za nkhandwe zovekedwa kansalu kofiira pakhosi, zina zitaluma kiyi wa nkhokwe ya mpunga. Pakati pa phiri pali mphambano yotchedwa Yotsutsuji, pamene mumaona kum'mwera kwa mzinda konse. Ambiri amabwerera pamenepo, ndipo si cholakwa. Kukafika pamwamba ndi kutsika kumatenga maola awiri kapena atatu. Mmene ndinkatsika cha m'ma 9 koloko, m'munsi munali mutadzaza moti munthu sakanatha kuima kuti ajambule.

Kiyomizu-dera nayenso amatsegula 6 koloko m'mawa. Kachisiyu anayamba mu 778, nyumba zimene zilipo lero ndi za mu 1633, ndipo khonde lake lalikulu laima pa nsanamira zotalika mamita 13 zolumikizidwa popanda msomali. Amisiri a matabwa a kwathu akanakhala pamenepo tsiku lonse akuyang'ana mmene mitengoyo inalowetsedwerana. Kinkaku-ji, nyumba yokutidwa ndi golide imene mumaiona pa zithunzi, ndi yokongola, koma ola limodzi lakwana: mumaizungulira panja potsata njira imodzi, mkati simulowa. Inamangidwa ndi wolamulira wina, Ashikaga Yoshimitsu, mu 1397, mmonke wachinyamata anaitentha mu 1950, ndipo imene ilipoyi ndi ya mu 1955. Okonda mbiri ya ndale apite ku Nijo, nyumba ya mu 1603 ya Tokugawa Ieyasu, mkulu wa asilikali amene ankalamulira dziko, kumene mu 1867 wolamulira womaliza wa banja limenelo analengeza zobwezera mphamvu kwa mfumu. Matabwa a m'makonde mwake amalira ngati mbalame mukapondapo.

Koma kumene mtima wanga unatsalira ndi ku Sanjusangendo, kachisi amene ambiri amamudumpha ngakhale ali pafupi ndi siteshoni. Kunja ndi nyumba yaitali yamatabwa yosakopa maso, ya mamita pafupifupi 120, yomangidwa mu 1266 yoyamba itapsa. Mumavula nsapato pakhomo. Mukakhota kulowa mkati mumakumana ndi ziboliboli 1,001 za Kannon, amene Abuda amamulemekeza ngati mwini chifundo, zosemedwa pa mtengo n'kukutidwa ndi golide. Chimodzi chachikulu chakhala pakati, zinazo, zamsinkhu wa munthu, zaimirira m'mizere kumanja ndi kumanzere mpaka kumene maso akulekezera. Fungo la lubani lili ponseponse. Kujambula n'koletsedwa, ndipo chifukwa cha chimenecho anthu amayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana nkhope imodziimodzi, chifukwa sizifanana ndendende. Valani masokosi abwino okhuthala, pansi pamazizira kwambiri m'nyengo yachisanu, ndipo tsiku limenelo muvula nsapato kangapo.

Abale ena, Akhristu ndi Asilamu, amandifunsa ngati kulowa m'malo amenewa si kupembedza mafano. Aliyense afunse chikumbumtima chake. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti palibe amene amakukakamizani kuwerama, kuponya ndalama kapena kuomba m'manja. Chimene amafuna kwa inu ndi ulemu, chifukwa pambali panu pali munthu amene wabwera kudzapempherera mwana wake wodwala kapena mayeso.

Ulemu womwewo ukufunika ku Gion, dera la geiko ndi maiko, akazi ophunzitsidwa kuvina, kuimba ndi kusangalatsa alendo mwamwambo. Alendo ena ankawathamangira ndi makamera, kuwatsekera njira, ngakhale kuwakoka zovala. Mu 2019 eni dera anaika zikwangwani zoletsa kujambula m'tinjira ta eni, chindapusa chake 10,000 yen, ndipo mu 2024 anayamba kutsekeratu tina mwa tinjira timeneti kwa alendo. Mukakumana ndi maiko, dziwani kuti ndi mwana wa eni ake amene akuthamangira kuntchito. Mupatseni njira.

Za chakudya musade nkhawa. M'timasitolo tosatseka ta konbini mumapeza mpunga woumba wa onigiri ndi tiyi pa mtengo wochepa, ndipo malo odyera amatchipa masana kuposa usiku. Amene simudya nkhumba muzifunsa, chifukwa msuzi wa ramen kawirikawiri umakhala wa mafupa a nkhumba. Lawani tiyi wobiriwira wa ku Uji. Yendani ndi ndalama zina m'thumba poti pazipata za akachisi ambiri salandira khadi. Woperekera zakudya sapatsidwa ya pamwamba, ndipo mabini a zinyalala ndi osowa, choncho tengani kajumbo kosungiramo zanu mpaka ku hotela. Mukakhala ndi tsiku lapadera, pitani ku Nara, likulu la kuyambira mu 710, ulendo wa mphindi 45, mukaone chiboliboli cha Buddha cha mamita 15 ku Todai-ji ndi agwape oyenda momasuka pakati pa anthu.

Inu ochokera kumudzi mwachindunji, ulendo ndi wautali. Ambiri timadzera ku Addis Ababa, ndipo nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola 7, ndiye tsiku loyamba lisiyeni lopuma. Magetsi a kuno ndi a 100 volts ndipo mapulagi ake ndi a mano awiri aphwatalala, choncho gulani adaputa. Viza mumakapempha ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe, ndipo mwa mapepala amene amafuna pali ndondomeko ya ulendo wanu: tsiku lililonse mudzakhala kuti, mudzagona kuti. Yambani kuilemba miyezi iwiri kapena itatu musananyamuke, mutapeza kale malo ogona ku Kyoto kapena ku Osaka.