Makalasi a masana a ku Mangochi boma: zimene ndaona m'chaka chimodzi

Mwana wa malemu mchemwali wanga atabwera kudzakhala nane kuno ku boma, anali mu Sitandade 5, koma nditamupatsa buku la Chichewa la Sitandade 3 kuti andiwerengere, anangoyang'ana chithunzi n'kuyamba kupeka nkhani yakeyake. N'chifukwa chake ndinamulembetsa ku makalasi a masana, amene kuno timangowatchula kuti pataimu, omwe amachititsa mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi mothandizana ndi achinyamata awiri, m'chipinda cha malata kufupi ndi msika.

Sukulu yake ya m'mawa sindikuiimba mlandu. Chichotsereni boma la Bakili Muluzi fizi ku pulayimale mu 1994, si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ataima pamaso pa ana oposa 100, ndipo mwana wofatsa amene amakhala kumbuyo angathe kukwera makalasi anayi popanda womufunsa ngati akudziwa kusiyanitsa b ndi d. Kuno vutoli lili ndi mchira wake, pakuti ana ambiri amalankhula Chiyao kunyumba, amakumana ndi Chichewa cholembedwa kusukulu, kenaka mu Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi.

Apa ndi pamene mayiwa anandigwira mtima. Tsiku loyamba sanafunse za kalasi ya mwanayo. Anatenga kakatoni kodula, nalemba mawu a Chiyao akuti somba, namuuza kuti awerenge phatikizo limodzilimodzi. Atawerenga mokayikira, iwo anawonjezera n kutsogolo nati, "Mwanawe, tsopano wawerenga nsomba m'zilankhulo ziwiri." Mwanayo anaseka koyamba chibwerereni kwathu. Ine ndikudandaula kuti akumubweza m'mbuyo kwambiri, anandiyankha kuti, "Amayi, lekani ayambe wakwawa." Miyezi itatu yoyamba inathera pa maphatikizo ndi pa masamu a zitsekerero za mabotolo, ndipo ndikuvomereza kuti nthawi zina potumiza ndalama ya pamwezi pa Airtel Money ndinkanyinyirika. Lero amandiwerengera uthenga wa pafoni ndi malangizo a pa botolo la mankhwala, ngakhale Chingerezi chake chidakali chotsimphina.

Chinanso chimene sindinalipirire koma ndinachilandira ndicho kulondola ana. Mnyamata wa zaka 12 kuno amaona akuluakulu ake akubwera kuchokera ku Joni ndi foni zazikulu, amaonanso anzake akupeza ndalama pothandiza kukoka makoka ndi kuyanika usipa, motero kope limaoneka lopanda phindu. Mwana akajomba masiku awiri, mmodzi wa achinyamata aja amakwera njinga kukamufuna, ngakhale kutsidya kwa Shire, kuwoloka mlatho. Anyamata amene angochoka kumene ku jando mayiwa amawalankhula mwaulemu ngati anthu aakulu ndipo amawapatsa udindo woyang'anira ang'onoang'ono, njira imene ndaona ikubweza ena amene akanasiya.

Zolakwika zilipo ndithu. Nthawi yoyambira imawombana ndi ya madrasa, ndipo ngakhale makolo achisilamu anapempha kangapo, kusintha kwake kunangochitika kwa sabata zochepa, moti ana ena amafika phunziro lili kale pakati. Chipindacho chilibe siling'i, ndipo amene akudziwa kutentha kwa Mangochi mu Okutobala angamvetse chifukwa chake ana amasinza ndi pensulo m'manja. Madzi akumwa aliyense amabwera ndi ake.

Chondikhumudwitsa koposa chinachitika mayeso omaliza pulayimale a PSLCE, a bungwe la mayeso la MANEB, atayandikira. Makolo a ana a Sitandade 8 anakhamukirako, palibe amene anabwezedwa, ndipo chipinda chimene chinkakwana bwino chinadzaza mpaka pakhomo. Mayiwa anatanganidwa ndi kuloweza anawo mayankho a mapepala a zaka za m'mbuyo, pamene ang'onoang'ono anasiyidwa ndi achinyamata aja, omwe ndi akhama koma alibe maphunziro a uphunzitsi, ndipo mwana akalephera amangobwereza funso lomwelo mokweza mawu. Kwa mwezi wathunthu malowa anafanana ndi kalasi imene tinkaithawa. Ndikumvetsa kuti kholo lililonse likufuna mwana wake asankhidwe kupita ku sekondale yogonera komweko m'malo mwa sekondale yoyendera ya CDSS, koma ndalama tinkalipira yofanana tonse.

Kholo limene mwana wake sakutha kuwerenga limutengereko mu Seputembala, chaka cha sukulu chikamayamba, pamene ana ali ochepa ndipo mayiwa ali ndi mpata wokhala naye pamphasa. Wanga ndamulembetsanso, koma ndawauza maso ndi maso kuti nyengo ya mayeso ikadzafika osagawa magulu, adzayamba wakhala kunyumba mpaka mayesowo atatha.