Uphungu wa amayi a makanda pachipatala china ku Zomba: zimene ndapezako

Patapita miyezi iwiri nditatuluka m'chikuta, ndinkasowa tulo ngakhale mwana atagona, chakudya sichinkandikomera, ndipo khanda likalira ndinkaliyamwitsa nkhope ili kumbali. Namwino wa kusikelo ndiye anazindikira vutoli, nandilozera ku uphungu wa amayi umene umachitikira pachipatala chathu chaching'ono. Ndinazengereza, chifukwa kuno kwathu munthu akamva za matenda a maganizo amafulumira kuganiza za Zomba Mental Hospital, ngati kuti aliyense wosweka mtima ayenera kukagonekedwa kumeneko.

Tsopano ndapitako kasanu ndi kamodzi, osalipira kalikonse, ndipo chimene ndayamikira koposa ndi chakuti mayi phungu sanandiimbe mlandu. Anandifotokozera modekha kuti munthu akapanikizika maganizo thupi limatulutsa homoni yotchedwa cortisol, imene imathandiza pangozi ya kanthawi kochepa, koma ikamachuluka kwa miyezi yambiri imasokoneza tulo ndi kukumbukira. Anati khanda nalonso limapanikizika likamasowa woliyankha, pamene ubongo wake ukukula mofulumira kwambiri m'masiku 1,000 oyambirira, kuwerengera kuchokera pamene mayi watenga pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mwana akamwetulira mayi n'kumwetuliranso, akatulutsa kamawu mayi n'kumuyankha, timitsempha ta muubongo timalumikizana ndi kulimba.

Apa m'pamene mtima wanga unagwidwa. Anatiuza za kafukufuku wa Edward Tronick, katswiri wa za maganizo a ana wa ku America, wa m'zaka za m'ma 1970, m'mene mayi ankauzidwa kuumitsa nkhope kwa mphindi zochepa pamaso pa khanda lake. Khandalo linkayesa kumwetulira ndi kutambasula timanja, kenako linkayang'ana kumbali n'kuyamba kulira. Ndinagwetsa misozi pozindikira kuti nkhope youma ija ndi imene mwana wanga ankaiona tsiku ndi tsiku. Koma phunguyo anatsindika kuti mayi akayambanso kuseka, khanda limabwerera kwa iye, ndipo anandipatsa zochita zazing'ono: kumuimbira pomusambitsa, kumulankhula ali kumsana ndikuphika, ndiponso kupempha apongozi kuti azindilandirako mwana masana kuti ndigoneko.

Nditawerenga pandekha ndinapeza kuti njira yofanana ndi imeneyi, yotchedwa Thinking Healthy, inayesedwa ku Rawalpindi m'dziko la Pakistan, ndipo zotsatira za mu 2008 zinasonyeza kuti amayi odwalabe anachepa ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi anzawo amene sanalandire uphunguwo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'mayiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amavutika maganizo akabereka, kotero kuti pamzere wa sikelo paja tilipo ambiri.

Zondidandaulitsa zilipo. Chipinda cha uphungu chayandikana kwambiri ndi khonde lodikirira, moti nkhani za m'banja ndimazinena monong'ona poopa kuti oyandikana nawo nyumba angamve. Phungu ndi mmodzi yekha, ndipo tsiku lina ndinafika pakabaza m'mawa n'kuonana naye dzuwa litapendeka. Komanso abambo saitanidwa, chonsecho nkhawa za amayi ambiri zimachokera pa ndalama ndi mikangano ya m'nyumba. Sabata yatha ndinapempha kuti ulendo wotsatira ndidzabwere ndi bambo a mwana, ndipo mayi phungu anavomera.