Kukalamba ku England kumadya nyumba

Abale anga kumudzi, paja mumati kuno boma limasamalira nkhalamba kwaulere. Chipatala cha boma, chimene amachitcha NHS, n'chaulere ndithu. Koma kusambitsidwa, kudyetsedwa ndi kugona kumalo osungirako okalamba, monga komwe ndimagwira ntchito ine, zimenezo zili m'manja mwa khonsolo. Ndipo khonsolo isanatulutse kobiri, imayamba yawerenga chuma cha munthuyo.

Malire ake ndi mapaundi 23,250. Amene ali ndi chuma choposa pamenepa amalipira yekha zonse. Wa pansi pa mapaundi 14,250 ndalama zimene anasunga sazikhudza, komabe penshoni yake imapita ku malipiro, n'kumusiyira mapaundi ongopitirira 30 pang'ono pa sabata, ogulira sopo ndi nyuzipepala. Wa pakatikati amawonjezera paundi imodzi pa sabata pa mapaundi 250 alionse. Malirewa ali pomwepo kuyambira 2010, pomwe chilichonse chakwera mtengo.

Chimene chimawawa kwambiri ndi nyumba. Ngati gogo akusamalidwa kwawo, nyumba saiwerenga. Akangosamukira kwa ife, imalowa m'chiwerengero pakatha masabata 12, kupatula ngati mwatsala mkazi kapena mwamuna wawo, m'bale wazaka 60 kupita m'tsogolo, kapena m'bale wolumala. Khonsolo ikhoza kumalipira ngati ngongole, nyumbayo n'kukhala chikole, ndalama n'kudzatenga ikagulitsidwa kapena mwini wake akamwalira. Ndaonapo mayi wina akutuluka muofesi ya bwana wathu maso ali gwa, atauzidwa kuti nyumba imene anakuliramo ithera pa matenda oiwalaiwala a mayi ake. Pachipinda choyandikana pali gogo wina amene sanasungeko kanthu, akudya chakudya chomwecho, khonsolo ikulipira. Kunena zoona, ine sindiona chilungamo pamenepo.

Ena amathamangira kulembetsa nyumba m'dzina la ana. Khonsolo ikaona kuti cholinga chinali kuzemba malipiro, imaiwerengabe ngati yanu. Zoti zikatha zaka 7 mwapulumuka ndi za msonkho wa chuma chamasiye, pano sizigwira.

Mu 2021 boma la Boris Johnson linalonjeza kuti munthu sazilipira zoposa mapaundi 86,000 pa chisamaliro moyo wake wonse. Boma linalikankhira m'tsogolo lonjezolo mpaka nduna ya zachuma Rachel Reeves analifafaniza mu 2024. Ku Wales malire a olowa kumalo osungirako okalamba ndi mapaundi 50,000, pomwe ku Scotland kusambitsa ndi kudyetsa okalamba n'kwaulere kuyambira 2002.

Ife amene tikuganiza zokalambira konkuno tidziwe kuti chuma cha kunja nachonso amachiwerenga. Nyumba ija mukundiyang'anirira ku Area 49, ndikadzafuna thandizo la khonsolo ndidzayenera kuitchula pafomu.