Pa saiti ali bwino, koma ndalama zawo zimachita kukumba

Anzanga masabu (ife opatsidwa mbali ya ntchito ndi kontilakitala wamkulu) amene mukufuna kukagwira pansi pa kampani ina yayikulu ya zomangamanga kuno ku Lilongwe, dzina sinditchula, ine ndikuyipatsa nyenyezi ziwiri pa zisanu. Ife tinatenga mbali ya mapaipi ndi matayilosi pa nyumba yosanja imene ankamanga.

Zabwino zilipo, tisaname. Simenti ndi mchenga sizimasowa pa saiti, zipewa ndi magombuti amapereka, ndipo folomani wawo ndi mdala woidziwa ntchito, osati aja ongokuwa. Mapepala a NCIC, bungwe loyang'anira za zomangamanga, anatifunsa tisanayambe, nzabwinonso zimenezo.

Vuto ndi ku ofesi. Mu kontilakiti muli kamzere koti sabu adzalipidwa iwo akalipidwa ndi mwini nyumba, ndiye ukamaliza gawo QS (woyeza ntchito ndi kuwerengera ndalama zake) amabwera kudzayeza, mumasainirana bwinobwino, invoisi umapereka, kenako nyimbo ndi imodzi yoti setifiketi yoti mwini nyumba awalipire sinatuluke, pomwe anyamata ako akufuna zawo Loweruka, samva za setifiketi, kwawo ana akufuna ufa, mapeto ake umapezeka uli kwa akatapila chifukwa cha ntchito yoti unaigwira kale. Ndalamayo ikabwera achotsapo 10% ya retention (ndalama yomwe amasunga ngati chikole), achotsaponso withholding tax ya MRA, koma kapepala kosonyeza kuti msonkhowo anakaperekadi mpaka uchite kuwalondalonda.

Chinandiwawa kwambiri ndi ntchito zowonjezera. Injiniya anasintha malo a zimbudzi makoma atapakidwa kale pulasitala, folomani nkuti "ingogumulani bwana, tidzawerengera." Tinagumula, tinayala mapaipi ena. Tsiku lowerengera a QS akuti mu BOQ (mndandanda wa ntchito ndi mitengo yake) mulibe, site instruction yolemba, kalata yolamula kusinthako, ili kuti? Folomani uja ndiye zii, maso pansi. Komanso kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023, mitengo ya mapaipi ndi guluu wa matayilosi inakwera mu hadiweya monse, ife anatikaniza kusintha mareti ati tinasaina kale.

Theka la retention anapereka nyumba itaperekedwa kwa mwini wake, theka linalo amati pakatha miyezi 12 yoonera ngati pena pakudontha. Miyeziyo inadutsa kalekale, palibe paipi yadontha, foni ya akauntanti imangoitana.

Ngati muli ndi kapito yolipira anyamata miyezi ingapo osalandira kanthu, pitani, ntchito amakhala nazo zambiri. Amene mukudalira invoisi yomweyo kuti mugule mapaipi a mawa, iyi si kampani yanu.