AP, IB kapena dual enrollment: zimene ndaona ndi ana anga kuno ku America

Makolo anzanga, pa chinkhoswe chaposachedwapa amayi atatu anandifunsa funso limodzimodzi: mwana akafika giredi 11, alowe AP (Advanced Placement), IB (International Baccalaureate) kapena dual enrollment? Zitatuzi ndi njira zimene mwana akadali ku sekondale angapezere ma credit a ku koleji, mapointi amene amawerengedwa pomaliza digiri. Mwana wanga woyamba anadutsa dual enrollment, wachiwiri AP. IB ndinaionera kwa mwana wa alamu anga. Ndiyambe ndi imene inandipweteka.

Pa dual enrollment, mwana akadali ku sekondale amatenga kosi yeniyeni ya ku koleji, nthawi zambiri ku community college yapafupi. Anatiuza kuti n'zaulere, ndipo fizi sitinalipiredi. Buku ndi access code yolembera ntchito pa intaneti tinagula tokha, koma zimenezo ndinakhululuka.

Chimene sindinakhululuke ndi ichi. Mtsikana wanga anatenga chemistry ali ndi zaka 16. Mu October anadwala, n'kujomba ma lab awiri ndi mayeso amodzi. Kuphonyako anandibisira chifukwa cha manyazi. Ku sekondale mwana akangojomba tsiku limodzi foni imalira, koma ku koleji kunali zii. Nditatulukira n'kuimbako, anandiyankha mwaulemu kuti sangakambirane ndi ine za magiredi ake, chifukwa lamulo la FERPA limapereka ufulu umenewo kwa wophunzira wa pakoleji, ngakhale akhale wamng'ono. Tsiku lomaliza losiya kosi n'kulemberedwa W (chizindikiro choti wasiya, m'malo mwa giredi) linali litadutsa kale. Anapeza D.

D ameneyu ali pa transcript ya koleji, chikalata cha magiredi ake onse, ndipo sachoka. Usiku wina ndinamupeza atakhala kukhitchini, nsima itazizira m'mbale, pepala lili m'manja. Anandifunsa kuti, "Amayi, ndiye kuti za udokotala zatha?" Sizinathe, koma funsolo silinali lachibwana. Wofunsira malo ku sukulu ya udokotala kudzera ku AMCAS, njira yofunsira malo ku sukulu zambiri za udokotala kuno, amayenera kuonetsa kosi iliyonse ya koleji imene anatengapo, ngakhale ya nthawi ya sekondale, ndipo imalowa mu GPA yake, avereji ya magiredi onse. Thandizo la boma la fizi nalonso limafuna kuti wophunzira asunge GPA ya 2.0 ndi kutsiriza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makosi amene wayamba. Palibe amene anatiuza zimenezi tsiku limene tinkasaina fomu. Kuwonjezera apo, yunivesite yapulaiveti ya m'dera lina imene anapitako inalandira kosi ya English imene anatenganso pa dual enrollment ngati elective chabe, kosi yongowonjezera, moti anaibwereza.

Ndisanamize anthu, ena dual enrollment yawapindulira. Ku Minnesota pulogalamu yotere, ya PSEO, ilipo kuyambira 1985, ku Washington kuli Running Start, ndipo mwana amene adzapite ku yunivesite ya boma ya state yake yomweyo akhoza kudula chaka chathunthu cha fizi.

AP imayendetsedwa ndi College Board. Mwana amaphunzira m'kalasi la pasukulu pake, ndi mphunzitsi amene mungamupeze pa msonkhano wa makolo. Mayeso amalemba mu May, zotsatira zimatuluka mu July, kuyambira 1 mpaka 5. Mu 2025 mayeso amodzi anali $99, ndipo mabanja opeza movutikira amawachepetsera. Chenjerani ndi November: mwana akalembetsa mochedwa pamawonjezeka $40, akalembetsa n'kudzasintha maganizo pambuyo pake, $40 imapitanso. Kutumiza zotsatira ku koleji imodzi n'kwaulere mukachita pofika pa 20 June, mukachedwa mumalipira.

Chimene ndinaikondera AP n'chakuti mwana akagwa amadzuka wopanda chipsera. Mnyamata wanga anapeza 2 pa Physics ndi 4 pa Calculus. Wa 2 uja sanamutsatire kulikonse, pomwe 4 anamudumphitsa masamu a chaka choyamba. Vuto lake n'lakuti ntchito ya chaka chonse imayezedwa pa maola atatu a tsiku limodzi. Komanso makoleji salandira mofanana: a boma ku Texas amapereka credit kuyambira pa 3, ena amafuna 4 kapena 5, ndipo Dartmouth inasiya kuwerengera AP pa ma credit omalizira digiri.

IB ndi katundu wolemera. Maphunziro 6 kwa zaka ziwiri, atatu a Higher Level, chimangirizo cha mawu 4,000, mapointi onse 45. Mwana wa alamu anga anatulukamo akudziwa kulemba kuposa ana anga onse, koma tulo ankationa patali, ndipo makoleji ambiri kuno amapereka credit pa Higher Level pokha. Ngati mukuganiza zobwerera kumudzi kapena kutumiza mwana ku Britain, iganizireni, chifukwa imadziwika m'maiko ambiri, ndipo ngakhale ku Lilongwe sukulu ya Bishop Mackenzie imaiphunzitsa.

Ine mtima wanga uli pa AP, ndipo ndikudziwa kuti D uja ndi amene akundiyankhulitsa. Ngati mwasankhabe dual enrollment, musanasaine funsani tsiku lomaliza la W, mulilembe pa kalendala ya kukhitchini, ndipo mwana asaine fomu yolola koleji kuyankhula nanu.